Dzuwa likafika paliwombo, lamulo liimitse fosholo

Nyengo yotentha ikangofika, mkangano womwewu umabukanso. Pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pa Facebook anthu amagawikana pawiri: ena akuti boma likhazikitse lamulo loimitsa ntchito zolemetsa zapanja pa maola amene dzuwa limaswa mtengo, ena akuti zimenezo n'zofuna alesi ndipo zingagwetse mabizinesi. Ine ndili kumbali ya oyambawo, ndipo sindibisa. Munthu amene akukumba ngalande, kuthira phula mumsewu, kukhoma malata padenga kapena kusesa mumzinda ayenera kukhala ndi ufulu wolembedwa m'malamulo woti aime kutentha kukafika poopsa, apatsidwe madzi ndi mthunzi ndi amene wamulemba ntchito, ndipo asadulidwe malipiro chifukwa cha kupumako. Nkhaniyi isasiyidwe m'manja mwa kapitawo kuti aziichita akafuna, chifukwa tsiku limene ntchito yatsalira m'mbuyo, kapitawo naye amakhala ndi womufunsa pamwamba pake.

Maganizo amenewa sindinawatole m'buku. Zaka zapitazo ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki pamalo ena pamene ankamanga nyumba yosanja, ndipo udindo wanga unali kulemba maina ndi maola a anthu aganyu. Tebulo langa linali m'kashedi ka malata, ndipo ngakhale m'menemo cholembera chinkaterera m'zala ndi thukuta. Tsiku lina cha m'ma 1 koloko masana, tikuthira konkire pansanja yachiwiri, mnyamata wina amene anali atangoyamba masiku atatu m'mbuyomo anaimitsa wilibala pakati pa thabwa lokwerera, n'kumayang'ana uku ndi uku ngati waiwala kumene akupita. Anzake anamukuwira kuti akutseka njira. Anayankha zosamveka, anaseka, kenako mawondo anapinda. Kapitawo atafika anati, "Ameneyu walawa, mukokereni pambali." Bambo wina wachikulire amene ankasakaniza simenti anagwada, n'kumugwira pachipumi, nati, "Iyayi bwana, mwanayu sanamwe ayi, thupili likuotcha ngati nsimbi." Tinamuthira madzi a m'diramu, tikumukupiza ndi thumba la simenti lopanda kanthu, mpaka galimoto inapezeka yomutengera kuchipatala. Anachira. Koma chimene sichichoka m'mutu mwanga n'chakuti madzulo ake ndine ndemwe ndinalemba m'kaundula kuti mnyamatayo wagwira theka la tsiku, ndipo analipidwa theka. Palibe lamulo lililonse limene linaphwanyidwa tsiku limenelo, ndipo vuto lagona pamenepo.

Tisanafike kwa otsutsa, ndi bwino timvetsetse chimene chimachitika m'thupi, pakuti ambiri amayesa kuti kutentha kumangotopetsa basi. Thupi la munthu limayenera kukhala pa madigiri pafupifupi 37. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha kwakekwake, ndipo njira yaikulu imene thupi limadziziziritsira ndi thukuta likamauma pakhungu. Kukakhala chinyezi chambiri mumpweya thukutalo siliuma, limangoyenderera, choncho munthu amataya madzi koma osazizidwa. Wogwira ntchito yolemetsa padzuwa angataye madzi opitirira lita imodzi pa ola. Mtima umathamanga pofuna kukankhira magazi kukhungu, impso zimatsala ndi ochepa, ndipo mkati mwa thupi mukafika cha pa madigiri 40 ubongo umayamba kusokonekera. Pamenepo munthu akhoza kufa kapena kutsala ndi ziwalo zowonongeka ngati sanaziziritsidwe msanga. Tikumbukirenso kuti madigiri amene a zanyengo amalengeza amayezedwa pamthunzi. Amene waima padenga la malata kapena pafupi ndi phula lotentha ali m'dziko lina ndithu, chifukwa konkire, malata ndi misewu zimayamwa dzuwa n'kumalibweza, ndipo n'chifukwa chake pakati pa mzinda pamatentha kuposa kunja kwake, ngakhale usiku.

Tsono otsutsa amayamba ndi mawu amene amamveka anzeru. Amati anthu akhala akugwira ntchito padzuwa kuyambira kalekale, makolo athu ankalima ndi kumanga popanda lamulo lowauza nthawi yopuma, ndipo wakwata kwa mphezi saopa kung'anima: wavomera ntchito yapanja wavomeranso dzuwa. Ndikuvomereza kuti thupi limazolowera, ndipo amene wakulira pantchito zolimba amapirira kuposa ife a m'maofesi. Komabe mfundoyi imaiwala mmene makolowo ankagwirira ntchito. Mlimi wodzilimira yekha, kulikonse kumene kumatentha padziko lapansi, amalawirira mbandakucha, n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo, kenako n'kubwereranso likapendeka. Palibe anamuuza, anangomvera thupi lake ndipo panalibe womudula malipiro. Ndondomeko yolowa m'mawa n'kugwira mosalekeza mpaka madzulo inabwera ndi mafakitale ndi maofesi, ndipo ife tinangoitenga n'kuiveka pa munthu wokumba ngalande. Choncho amene akufuna kupuma masana sakubweretsa chachilendo, akubwezeretsa nzeru imene wotchi ya bwana inafafaniza. Kuwonjezera apo, dzuwa lake si lomwe lija. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti 2024 chinali chaka chotentha kuposa zaka zonse zimene zinalembedwapo m'mbuyomo, pafupifupi madigiri 1.55 pamwamba pa mmene dziko linalili mafakitale asanachuluke. Chiwerengerocho chimaoneka chaching'ono, koma tanthauzo lake n'lakuti masiku otentha moopsa akubwera kawirikawiri ndipo akukhalitsa.

Mfundo yachiwiri ndi ya ndalama, ndipo iyi sindingaipeputse. Taganizirani kontilakitala wamng'ono amene wasainira kuti amaliza nyumba pa tsiku lakutilakuti, akachedwa alipira chindapusa, makina wachita kubwereka ndipo amalipira pa tsiku. Mukamuuza kuti anthu ake akhale pansi maola awiri kapena atatu ali pamalipiro, iye amaona ndalama zikupita. Nkhawa yake ndi yeniyeni. Koma funso loyenera ndi ili: kodi maola amenewo panopa akupindula nawo chiyani? Aliyense amene anaimapo pamalo omanga amadziwa kuti wilibala imene m'mawa imayenda mothamanga, masana imachita kukwawa. Njerwa zimakhota, miyezo imalakwika, munthu wachizungulire amaponda pamene palibe thabwa. Bungwe la zantchito la ILO linawerengera mu 2019 kuti pofika 2030 kutentha kudzadya 2.2 peresenti ya maola onse ogwirira ntchito padziko lapansi, zofanana ndi ntchito za anthu 80 miliyoni, ndipo gawo lalikulu lidzakhala la ulimi ndi zomangamanga. Maolawo akutayika kale, lamulo lilipo kapena palibe. Kusiyana kwake n'kwakuti popanda lamulo amatayika munthu ali padzuwa akuvulala, pamene ndi lamulo amasunthidwira m'mamawa kapena madzulo pamene mkono uli ndi mphamvu. Ku Nicaragua, kumene matenda a impso apha odula nzimbe ambiri akadali anyamata, munda wina waukulu utayamba kupumitsa anthu pamthunzi ndi kuwamwetsa madzi mwandondomeko, kuvulala kwa impso kunachepa ndipo nzimbe zodulidwa sizinachepe.

Pali chinthu china chimene ndinachiona ndi maso anga pantchito ija, ndipo chimandipweteka mpaka lero. Amisiri amadziwa bwino kuti konkire sigwirizana ndi dzuwa lamphamvu. Ikauma msanga imang'aluka ndipo silimba. Chifukwa cha ichi, tikathira tinkaifunditsa masaka onyowa, ndipo panali munthu amene ntchito yake inali kuithirira madzi m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku angapo. Injiniya akabwera n'kupeza konkire youma, kapitawo ankakalipiridwa pamaso pa aliyense. Palibe amene ankanena kuti konkireyo ndi yaulesi kapena kuti madziwo akuwononga phindu, chifukwa zinalembedwa m'mgwirizano wa ntchito ndipo mtengo wake unawerengeredwa kale. Anthu amene ankaithirawo analibe chiganizo ngakhale chimodzi chowateteza m'mgwirizano womwewo. Apa ndi pamene ndimaona kufunika kwa lamulo kusiyana ndi kungopempha mabwana kuti akhale achifundo. Mabwana abwino alipo, ndipo ena amagula madzi ndi kukhoma tenti popanda wowauza. Koma pa mpikisano wopeza ntchito, amene waikamo mtengo wa mthunzi ndi kupuma amagonja kwa amene sanaikemo, chifukwa mtengo wake umakwera. Lamulo likakhudza onse mofanana, wachifundo salangidwanso chifukwa cha chifundo chake, ndipo mtengo wa kupumako umalowa mu bajeti monga mmene madzi othirira konkire amalowera.

Ena amabwera ndi mfundo ya ufulu. Amati wogwira ntchito ndi munthu wamkulu, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, akatopa apume yekha, boma lisamuyese mwana. Mwambiwu ndi woona pa zinthu zambiri, koma pa kutentha umalephera pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chizindikiro chachikulu cha ngoziyi ndi kusokonezeka kwa mutu komwe. Mnyamata uja sanadziwe kuti akudwala, ankaseka. Chiwalo chimene chimayenera kumuuza kuti aime ndi chimene chinayamba kufooka. Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, kuima si chinthu chimene waganyu amasankha momasuka. Pageti pamakhala ena khumi amene abwezedwa m'mawa, ndipo iye amadziwa kuti akakhala pansi kawiri, mawa dzina lake silidzaitanidwa. Amene ali pangozi kwambiri ndi watsopano, chifukwa thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kugwira ntchito potentha, ndipo watsopanoyo ndi amenenso akufunitsitsa kuonetsa kuti ndi wamphamvu. Wolipidwa potengera kuchuluka kwa zimene wachita, kaya ndi mamita a ngalande kapena chiwerengero cha njerwa, amadziwerengera yekha kuti mphindi khumi zapamthunzi ndi ndalama yochotsedwa pakamwa pa ana ake. Pa chifukwa chimenechi ndimaumirira kuti kupumako kukhale kwa onse nthawi imodzi ndiponso kolipidwa. Lamulo longoti "wofuna apume" lingakhale lokongola papepala, koma pamalo antchito palibe angayerekeze kuligwiritsa ntchito.

Mfundo imene imandivuta kwambiri kuyankha ndi iyi: malamulo ambiri a zantchito alipo kale ndipo satsatidwa, oyendera malo antchito ndi ochepa, ndipo m'mizinda yambiri anthu ochuluka alibe bwana n'komwe. Wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, wonyamula katundu pamsika, woyendetsa njinga yonyamula anthu, onsewa akaima masana palibe wowalipira. Kodi lamuloli silingangothandiza ochepa amene ali kale ndi makalata a ntchito? Apa ndiyenera kuvomera kuti lamulo la olemba ntchito silingafike kwa aliyense. Ngakhale zili choncho, pa malamulo onse a zantchito, ili ndi limodzi mwa osavuta kulondoloza, chifukwa kuliphwanya kumachitikira poyera. Kuti mudziwe ngati kampani ikubera anthu malipiro muyenera kufufuza mabuku, koma kuti mudziwe ngati ikugwiritsa anthu ntchito padenga 1 koloko masana pa tsiku limene a zanyengo achenjeza za kutentha, mumangokweza maso. Wodutsa aliyense wokhala ndi foni ndi mboni. Chinanso, boma ndi makhonsolo ndiwo amapereka ntchito zazikulu za misewu, ngalande, mapaipi ndi zosesa. Atangolemba m'migwirizano yawo kuti wopambana ntchito apereke madzi, mthunzi ndi kupuma, apo ayi salipidwa, anthu miyandamiyanda angatetezeke popanda kulemba woyendera watsopano ngakhale mmodzi.

Mayiko amene anayesa atiphunzitsa zabwino ndi zofooka zomwe. Ku United Arab Emirates, ntchito zapadzuwa zinayamba kuletsedwa masana mu 2005, ndipo masiku ano zimaletsedwa kuchokera 12:30 mpaka 3 koloko masana, pakati pa 15 June ndi 15 September. Qatar mu 2021 inakulitsa nthawi yake kukhala kuchokera 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana, kuyambira 1 June mpaka 15 September. Sindikunena kuti mayiko amenewa ndi chitsanzo pa kasamalidwe ka antchito, pakuti adzudzulidwa kwambiri pa mmene amachitira ndi anthu obwera kudzagwira ntchito, ndipo kudzudzulako kuli ndi maziko. Ndikungoonetsa kuti kumene nyumba zosanja zimamera ngati bowa, kuimitsa ntchito masana sikunaimitse zomangamanga. Chofooka cha malamulo otere n'chakuti amayang'ana wotchi ndi kalendala, pamene dzuwa siliwerenga kalendala: tsiku loopsa lingabwere sabata imodzi nyengo yoletsedwayo isanayambe. N'chifukwa chake Qatar yomweyo inawonjezera kuti muyezo wophatikiza kutentha, chinyezi, mphepo ndi mphamvu ya dzuwa ukapitirira madigiri 32.1, ntchito iime nthawi ina iliyonse. Spain inatenga njira imene ine ndimaikonda. Wosesa mumsewu wina atamwalira ndi kutentha ku Madrid mu July 2022, boma mu 2023 linalamula kuti nthambi ya zanyengo ikatulutsa chenjezo lalikulu, olemba ntchito asinthe kapena achepetse maola a ntchito zapanja. Ubwino wake n'ngwakuti tsiku lamitambo ntchito siima pachabe, ndipo kulosera zanyengo kumasiya kukhala nkhani yongomvera pa wailesi, kumakhala chinthu chimene kapitawo ayenera kuchiona asanagawe ntchito.

Nanga odzilemba okha aja? Awo yankho lawo lili m'manja mwa oyendetsa mzinda. Mzinda wa Ahmedabad ku India, utataya anthu oposa 1,300 pa kutentha kwa mu May 2010, unakhazikitsa dongosolo mu 2013 lochenjeza anthu pasadakhale, kukonzekeretsa zipatala ndi kuika madzi akumwa m'malo opezeka anthu ambiri. Freetown ku Sierra Leone inasankha mkulu woyang'anira nkhani za kutentha mu 2021, ndipo imodzi mwa ntchito zoyamba inali kuika zotchinga dzuwa m'misika momwe amayi ankagulitsa malonda pamtetete. Izi si zinthu zodula kuposa msewu umodzi. Mpopi pamalo okwerera basi, denga pamsika, ndi kusiya mtengo waukulu uli chiimire pokuza msewu m'malo moudula n'kudzala kambande kamene kadzapereke mthunzi patapita zaka makumi awiri. Ndimadabwa kuti mitengo imadulidwa mosavuta chonchi m'mizinda, pamene pansi pa mtengo uliwonse waukulu mumapeza wosoka nsapato, wokonza njinga ndi wogulitsa zinthu, kutanthauza kuti mtengowo ndi malo antchito a mabanja angapo.

Otsala ndi amene amati nyengo ndi ya Mulungu, tisailowetse m'ndale. Zoona, palibe phungu angazimitse dzuwa. Koma kuti ndani aime padzuwapo, kwa maola angati, ali ndi madzi kapena ayi, zimenezo amagamula ndi anthu. Umboni wake uli ku America. Mizinda ya Austin ndi Dallas, m'chigawo cha Texas, inali ndi malamulo opatsa omanga nyumba mphindi khumi zopuma pa maola anayi alionse, ndipo mu 2023 nyumba ya malamulo ya Texas inakhazikitsa lamulo lolanda mizinda mphamvu zopanga malamulo otere. Chigawo cha Florida chinachitanso zofanana mu 2024. M'dziko lomwelo, California yakhala ndi lamulo la madzi, mthunzi ndi kupuma kuyambira 2005. Dzuwa ndi limodzi, koma womanga nyumba wa ku California ali ndi chitetezo chimene wa ku Texas alibe, ndipo kusiyanako kunapangidwa ndi mavoti a anthu okhala m'chipinda chozizira. ILO inanena mu 2024 kuti ogwira ntchito oposa 2.4 biliyoni amakumana ndi kutentha kopyola muyezo, ndipo pafupifupi 19,000 amafa nako chaka chilichonse. Ndikukhulupirira kuti enieni ndi ochuluka kuposa apa, chifukwa imfa yotere kawirikawiri imalembedwa kuti ndi mtima, kapena kugwa padenga, ndipo wodwala impso amafera kunyumba patapita zaka atasiya ntchito. Chimene sichiwerengedwa sichifika pa msonkhano wa ndale, ndipo n'chifukwa chake ofuna mipando amalonjeza misewu koma osatchula amene adzathire phulalo.

Kaundula amene ndinkalemba uja anali ndi mizere itatu yokha: dzina, ola lolowera, ola lotulukira. Munalibe malo olembamo kuti tsikulo kunatentha madigiri angati, kuti madzi akumwa anafika kapena ayi, kapena chifukwa chimene munthu wachokera msanga. Mnyamata uja anabwerera patatha masiku anayi, milomo itang'aluka, n'kuima pakhomo pa kashedi kanga. Sanafunse za theka la tsiku lija. Anangoti, "Achimwene, dzina langa likadalimo?"